Sikelo Yosaoneka ya pa Msika wa Masewera

Munthu aliyense amene adakulira m'chigwa cha Shire adziwa bwino maonekedwe a msika wa thonje m'nyengo ya masika. Mlimi afika m'mamawa dzuwa lisanayambe kuwotcha, matumba ali pa ngolo kapena pa njinga, nakhala pa mzere kudikira nthawi yake. Thumba lake likakolekedwa pa sikelo, iye sayang'ana kumbali, samva ngakhale moni wa mnansi wake. Maso ake ali pa kamuvi ka sikelo ndi pa dzanja la kalaliki wolemba. Pa kanthawi kochepa kameneka thukuta la miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi lisanduka nambala ya papepala, ndipo nambala imeneyo ndiyo idzanena ngati mwana apita ku sukulu, ndiponso ngati denga lifoleredwa mvula isanagwe.

Thonje si lachilendo m'chigwachi. David Livingstone, pokwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, adapeza Amang'anja ali kulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu. M'zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda lidapatsa bungwe la British Cotton Growing Association mphamvu yogula thonje la alimi a m'midzi. Pambuyo pake padadza Farmers Marketing Board, ndipo mu 1971 padabadwa ADMARC. Maina a ogula adasintha, koma zimene mlimi afuna kwa wogula sizidasinthe, ndipo ndi zitatu. Afuna kuti sikelo imene yayesa thonje lake ikhale yomweyo imene iyesa thonje la mphwake wa mfumu. Afuna kudziwiratu, asanachoke kwao, chimene chisiyanitsa giredi yoyamba ndi yachiwiri. Ndipo thonje lake likatsitsidwa giredi, afuna kumva chifukwa chake ndi kudziwa kumene angakadandaule.

Msika wopanda shedi

Makono ano kwabadwa msika wina umene ulibe shedi, ulibe mzere wooneka ndi maso, ndipo sikelo yake palibe mlimi kapena mfumu amene adaionapo. Msika umenewu uli m'mafoni a m'manja ndi m'makompyuta. Mnyamata wa pa Nchalo kapena mtsikana wa pa Bangula akafuna masewera a pa foni, amene achinyamata awatcha magemu, atsegula sitolo ya pa intaneti yotchedwa Google Play, pakuti mafoni ambiri a m'chigwa ndi a mtundu wa Android. Eni mafoni a Apple ali ndi sitolo yao, App Store, imene idatsegulidwa mu 2008. Ndipo osewera pa kompyuta apita ku Steam, sitolo ya kampani ya Valve ya ku America, imene idayamba mu 2003. Potsegula sitolo yotere munthu apeza mindandanda: wa masewera atsopano, wa masewera okondedwa ndi ambiri, wa amene ali pafupi kutuluka. Iye ayesa kuti ali kusankha yekha, koma kunena zoona asankha pakati pa zochepa zimene mwini sitolo wamuikira patsogolo.

Kuchuluka kwa katundu wa pa msika umenewu nkodabwitsa. Pa Steam pokha padalowa masewera atsopano oposa 14,000 m'chaka cha 2023, ndi oposa 18,000 m'chaka cha 2024, ndiye kuti pafupifupi 50 tsiku lililonse. Tsamba loyamba la sitolo likwana masewera owerengeka okha. Gemu imene yaoneka pa tsamba limenelo m'masiku ake oyamba igulidwa, ndipo chifukwa yagulidwa ikwezedwanso pa mndandanda. Koma imene yaphonya masiku amenewo imira ngati bwato lobooka, chinkana idakonzedwa ndi luso lalikulu. Motero mndandanda ndiwo sikelo ya msika uno, ndipo wousanja agwira m'dzanja lake malipiro a anthu amene sadzawaona nkhope mpaka imfa.

Kapena ena mwa akuluakulu adzati: nanga nyuzi ya Eklezia itayirenji nthawi pa nkhani ya masewera, pamene anthu ali ndi nkhawa ya njala ndi madzi osefukira? Funso limeneli nloyenera, koma liri ndi yankho. Poyamba, kusewera mwa iko kokha si tchimo. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adaphunzitsa kuti monga thupi lotopa lisowa kupuma, nzeru yotopa nayo isowa chosangalatsa choyenera. Ndipo akuluakulu amene akhala pansi pa mtengo madzulo kusewera bawo sadaone choipa m'menemo. Chachiwiri, chimene chili masewera kwa wogula ndi ntchito kwa wopanga, ndipo wantchito ayenera malipiro ake. Chachitatu, chilungamo sichisintha malamulo ake poona kuti katundu ndi wopepuka. Sikelo yonyenga ikhala yonyenga ngakhale iyese mchere wa pa kambale.

Tsono owerenga ayerekeze mnyamata wina wa ku Ngabu amene waphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Iye aganiza zoika bawo pa foni, ndi maenje ake 32 ndi njere zake 64, kuti ana a kwao amene ali ku Johannesburg asewere ndi abale ao otsala kumudzi. Agwira ntchitoyo usiku kwa miyezi yambiri, nthawi zina mumdima, monga m'mene zidalili pamene namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Ntchito itatha, atumiza gemu yake ku sitolo. Kuyambira pamenepo iye ali ngati mlimi uja amene thumba lake lakolekedwa. Kusiyana kwake nkwakuti mlimi aona kamuvi, pamene mnyamatayu saona kanthu.

Kodi mwini msika angachite chimene afuna?

Eni masitolo ameneŵa ali ndi mau ao, ndipo mpofunika kuwamva. Iwo ati: sitolo ndi yathu, tidaimanga ndi ndalama zathu, palibe amene tidamkakamiza kulowamo, ndipo aliyense adavomera malamulo athu asanalowe. Mbali ina ya mau ameneŵa ndi yoona. Eklezia sakana kuti munthu akhale ndi chuma chakechake, ndipo womanga msika ayenera phindu la ntchito yake. Koma mau akuti "adavomera yekha" Eklezia adawayesa kalekale nawapeza opereŵera. Papa Leo XIII, m'kalata yake Rerum Novarum ya mu 1891, adaphunzitsa kuti wantchito akavomera malipiro oipa chifukwa alibe kwina kopita, kuvomera kwakeko sikusandutsa malipirowo kukhala olungama. Papa Paul VI, m'kalata Populorum Progressio ya mu 1967, adaonjeza kuti mfundo yomweyo igwiranso pa malonda a pakati pa maiko olemera ndi osauka. Mlimi wa ku Makhanga amene ali ndi wogula mmodzi yekha pafupi adziwa bwino kuti kugwedeza mutu si kuvomera nthawi zonse. Chimodzimodzi wopanga masewera a pa foni: misika ikuluikulu ndi iwiri yokha, ndipo wokana malamulo ao atsala ndi katundu wake m'manja.

Thomas Aquinas adalongosolanso tchimo lotchedwa tsankho, ndilo kuyang'ana nkhope ya munthu pogawa zinthu. Adati munthu wopatsa mphatso kuchokera m'thumba lake angapatse amene afuna, osachimwira chilungamo. Koma wogawa chinthu chimene anthu ali nacho ufulu ayenera kuyang'ana chifukwa chogwirizana ndi chinthucho, osati ubale kapena chuma cha wolandira. Kupatsa munthu udindo wa uphunzitsi chifukwa ali ndi nzeru ndi chilungamo. Kumpatsa chifukwa ndi wolemera ndi tsankho. Nanga malo a pa mndandanda ndi mphatso kodi? Iyayi. Mwini sitolo walandira ndalama yolembetsera kwa wopanga aliyense, ndipo atenga gawo lake pa zogulitsidwa. Pamenepo walowa m'pangano, ndipo chimene adalonjeza chasanduka ngongole.

Palinso mbali yokhudza wogula. Mndandanda ndi mau, ngakhale palibe pakamwa powalankhula. Pamwamba pake pakalembedwa kuti masewera okondedwa ndi ambiri, mwini sitolo wachitira umboni kuti zili choncho. Ngati malo ena adagulidwa m'seri kapena adaperekedwa kwa bwenzi, umboniwo ndi wonama, ndipo walakwira malamulo awiri a Mulungu pamodzi: lachisanu ndi chiwiri kwa wopanga amene walandidwa malo ake, ndi lachisanu ndi chitatu kwa wogula amene wanamizidwa. Kugulitsa malo otsatsira malonda poyera si koipa. Apple idayamba kutero mu 2016, ndipo malo ogulidwawo aikidwa chizindikiro. Valve idanena poyera kuti sigulitsa malo a pa tsamba la sitolo yake. Njira zonse ziwiri zingakhale zolungama, malinga wogula adziwe chimene ali kuona.

Miyeso iwiri m'thumba limodzi

Malembo Oyera alankhula kawirikawiri za sikelo. Buku la Deuteronomo, pa mutu 25, liletsa munthu kusunga m'thumba lake miyala iwiri yoyesera, waukulu ndi waung'ono. Mneneri Amosi adadzudzula amalonda amene adachepsa muyeso wa tirigu nakuza mtengo wake. Yakobo Woyera, pa mutu 2 wa kalata yake, adzudzula mpingo umene upatsa mpando wabwino munthu wovala mphete yagolide ndi kuuza wosauka kuti aimirire. Zimenezi zidalembedwa kale kwambiri, komabe zaoneka poyera m'makhoti a masiku ano.

Kwa zaka zambiri Apple ndi Google zidatenga magawo 30 pa 100 alionse a ndalama zolipidwa m'masewera a m'masitolo ao. Mu Ogasiti 2020 kampani ya Epic Games idaika njira yakeyake yolipirira m'gemu yake ya Fortnite kuti ilambalale gawolo, ndipo tsiku lomwelo masitolo onse awiri adachotsa gemuyo. Pamenepo eni masitolo akadatha kunena kuti lamulo ndi limodzi kwa onse, ndipo wolithyola achoke. Koma mlandu utafika ku khoti la ku San Francisco mu 2023, kudaululika kuti Google idapangana mwamseri ndi kampani yanyimbo ya Spotify kuti isalipire kanthu pamene olembetsa alipira kudzera m'njira ya Spotify yomwe, ndiponso kuti makampani ena akuluakulu a masewera adalandira zokoma za ndalama zambiri kuti akhalebe m'sitolomo. Mu Disembala chaka chomwecho oweruza adagamula kuti Google idagwira msikawo mosemphana ndi lamulo, ndipo khoti la apilo lidavomereza chigamulocho mu Julaye 2025. Kale mu Juni 2017 bungwe la maiko a ku Ulaya lidalipitsa kampani yomweyo mayuro 2.42 biliyoni chifukwa choika malonda akeake pamwamba pa mndandanda wa zofufuzidwa ndi kukankhira a anzake pansi.

Akale adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kampani yaikulu ikaopseza kuti ichoka ndi makasitomala ake, mwini sitolo aopa kuswa mkhate, naipatsa muyeso wakewake. Mnyamata wa ku Ngabu alibe choopsezera, ndipo alandira muyeso wolembedwa pakhomo. Choipa chachikulu pano si kukula kwa gawo lotengedwa, koma kuti lamulo lolalikidwa poyera lidali lina, ndipo lotsatidwa kuchipinda lidali linanso. Wosauka adasunga lamulo poyesa kuti onse alisunga.

Muyeso umodzi sukwanira pa wokha

Apa munthu angafulumire kunena kuti mankhwala apezeka: lamulo limodzi, mtengo umodzi, khomo limodzi kwa onse. Chimenechi ndi chiyambi cha chilungamo, ndipo popanda icho palibe chomangapo. Koma si mathero ake. Mu Juni 2017 Valve idakhazikitsa njira yotchedwa Steam Direct, yakuti aliyense alipire madola 100 pa gemu iliyonse imene aika m'sitolo, ndipo ndalamayo ibwezedwa gemuyo ikagulitsa zokwana madola 1,000. Lamulo limeneli silisankha mtundu kapena dziko. Koma m'chaka cha 2024 madola 100 adali pafupifupi K175,000 pa mtengo wa ku banki, pamene malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma la Malawi adali K90,000 pa mwezi, osanenanso za kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki. Chimene kwa wina chili mtengo wa nsapato, kwa mnzake chili thukuta la miyezi iwiri.

Chitsanzo china ndi ichi. Mu Novembala 2023 Google idalamula kuti munthu wolembetsa payekha kwatsopano ayambe wapeza anthu 20 oyesa pulogalamu yake kwa masiku 14 motsatizana isanaloledwe kutuluka. Mu Disembala 2024 chiwerengerocho chidatsitsidwa kufika 12. Cholinga chake chidali chabwino, ndicho kuchepetsa zinyalala m'sitolo. Koma lamulolo lidakhudza anthu olembetsa paokha, osati makampani. Ndipo kupeza anthu khumi ndi awiri okhala ndi mafoni abwino ndi ndalama ya intaneti ya masabata awiri ndi nkhani ina mumzinda wa London, ndi nkhani inanso ku Marka. Ndiponso mu 2018 Valve idalengeza kuti gemu ikapyola madola 10 miliyoni gawo la sitolo litsika kuchoka pa 30 kufika pa 25, ndipo ikapyola madola 50 miliyoni litsika kufika pa 20. Lamulo limeneli lidalembedwa poyera ndipo likhudza aliyense wofika pamenepo. Koma zipatso zake nzakuti wamkulu alipira gawo laling'ono, ndipo wamng'ono alipira lalikulu.

Malembo aonetsa njira ina. M'buku la Levitiko, pa mutu 12, mai wobereka alamulidwa kupereka mwana wa nkhosa. Koma ngati sangathe, lamulo lomwelo limlola kupereka njiwa ziwiri kapena maunda awiri. Luka Woyera asimba kuti nsembe ya osaukayi ndiyo imene Maria ndi Yosefe adapereka m'Nyumba ya Mulungu. Kodi limeneli lidali tsankho? Iyayi, pakuti kusiyanako kudalembedwa poyera, kudali ndi chifukwa chogwirizana ndi nkhaniyo, ndipo kudatsegukira aliyense wokhala mu umphawi womwewo, wodziwika ndi wosadziwika yemwe. Pamenepa mpamene pagona kusiyana kwa chifundo ndi kukondera. Mu 2021 Apple ndi Google zidatsitsa gawo lao kufika pa 15 kwa opanga aang'ono, malire ake nkukhala madola 1 miliyoni pa chaka. Kaya zidachita ndi mtima wabwino kaya chifukwa cha milandu imene idali kuziyandikira, kachitidweko kadali kolungama, chifukwa kadalengezedwa kwa onse ndipo kadapepuza katundu wa wofooka. Pangano la m'seri ndi kampani yolemera lidalibe chimodzi mwa zizindikiro zimenezi.

Makina alibe mlandu

Yankho lina limene limveka masiku ano ndi lakuti palibe munthu amene asanja mindandanda imeneyi. Makina ndiwo awerenga zogulidwa ndi kukweza chimene anthu akonda. Nzoona kuti kompyuta ilibe mphwake, ndipo siilandira mbuzi usiku. Koma sikelo nayonso ilibe mphwake, komabe iba ngati wina adaipotoza. Munthu ndiye adasankha chimene makinawo awerenge ndi chimene asiye. Akawauza kuti akweze chimene chagulidwa kale kwambiri, wasankha kuti wokhala ndi ndalama zotsatsira malonda apitirire patsogolo, ndipo wosadziwika akhalebe wosadziwika. Chikalata cha ku Vatican chotchedwa Antiqua et Nova, cha mu Januwale 2025, chidakumbutsa kuti udindo wa chikumbumtima ukhala pa munthu wopanga ndi wogwiritsa ntchito makina, pakuti makinawo sangayankhe mlandu. Pilato adasamba m'manja pamaso pa anthu, koma dzina lake litchulidwabe m'Kumvera kwa Apostoli.

M'Malawi muno masikelo a pa misika ayesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo wogula woona mtima saopa tsiku limene oyesawo afika. Sikelo yosaoneka iyeneranso woiyesa wake. Maiko a ku Ulaya adayamba kuyenda njira imeneyi. Mu 2019 adapanga lamulo lakuti eni misika ya pa intaneti alongosole mfundo zazikulu zimene atsata posanja katundu, apereke chifukwa akachotsa katundu wa munthu, ndipo achenjeze asanasinthe malamulo ao. Lamulo lina, Digital Markets Act, lidayamba kumanga makampani akuluakulu mu Malichi 2024, ndi kuwaletsa kukweza katundu wao pamwamba pa wa anzao. Woganiza bwino aona kuti malamulo ameneŵa, olembedwa ndi akatswiri a ku Brussels, ndi zofuna zitatu zija za mlimi wa thonje.

Asaganize wina kuti chilungamo ndicho kutsegula chipata kuti chilichonse chilowe. Mu Juni 2018 Valve idalengeza kuti ilola pafupifupi masewera alionse, kupatula oletsedwa ndi lamulo ndi opangidwa dala kuti aputire anthu. Pasanathe chaka, mu Malichi 2019, idakana gemu ina yonyansa imene idasandutsa kugwirira akazi kukhala chosangalatsa. Kukanako kudali koyenera, ndipo kudaonetsa kuti mlonda wa pa chipata sangathawe ntchito ya kuweruza. Makolo amene ana ao agwira mafoni ali ndi ufulu woyembekeza kuti zonyansa, ndi masewera okokera ana ku juga, zisaikidwe patsogolo pa maso ao. Koma mlonda ayenera kunena malire ake dzuwa lili pamutu, ndi kuwasunga chimodzimodzi kwa kampani yolemera ndi kwa mnyamata wosauka. Kukana choipa lero chifukwa anthu afuula, ndi kulola chinzake mawa chifukwa chibweretsa ndalama, si kusunga mwambo koma kuopa anthu.

Mpofunikanso kuvomera kuti chilungamo sichilonjeza aliyense malo oyamba. Pa masewera 50 a tsiku limodzi ambiri adzatsalira, ndipo ena adzatsalira chifukwa sadakonzedwe bwino. Mlimi wanzeru adziwa kuti thonje lodzaza zitsotso silingapite pa giredi yoyamba, ndipo sakwiya nazo. Chimene chimuwawa ndi kuona thonje lofanana ndi lake likwezedwa chifukwa mwini wake adanong'oneza kalaliki. Bawo wa mnyamata wa ku Ngabu angalephere pa msika, ndipo palibe amene adzakhala ndi mlandu, ngati adalowa pa khomo lomwe adalowera ena, adadziwiratu muyeso, ndipo atakanidwa adauzidwa chifukwa ndi munthu amene angafunsidwe.

Mindandanda ya pafupi

Anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje alibe mphamvu yosinthira malamulo a makampani a kutsidya kwa nyanja, ngakhale kuti achinyamata ophunzira ayenera kudziwa zimenezi, kugwirizana ndi anzao a maiko ena a mu Africa, ndi kufunsa mafunso molimba mtima, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Koma ayeneranso kusunga manja ao oyera. Wopanga amene agula mayamiko abodza kuti gemu yake ikwere, kapena atuma anzake kukanyoza ntchito ya wopikisana naye, wathira mchenga ndi madzi m'thumba la thonje. Wabera mnzake woona mtima, ndipo wapatsa mwini sitolo chifukwa chokhwimitsira malamulo amene adzapweteka aang'ono onse.

Koposa apo, chigwa chino chili ndi mindandanda yakeyake imene kulemera kwake kuposa kwa masewera. Madzi atasefukira mu Januwale 2015, ndi pa namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mabanja ambirimbiri adakhala m'misasa, ndipo ufa, bulangete ndi lona zidafika kwa amene maina ao adali m'kaundula. Kulikonse kumene kuli kaundula wotere kuli chiyeso cha kulemba mbale ndi kuiwala mlendo, kapena cha kulemba oyamba kufika pa bwalo ndi kusiya nkhalamba imene miyendo yake siidathe kuyenda. Choyamba ndi miyeso iwiri m'thumba limodzi. Chachiwiri ndi muyeso umodzi umene sudayang'ane wofooka. Mfumu, mlembi wa komiti ya m'mudzi, mphunzitsi wosankha ana a timu, mtsogoleri wa mphakati wolemba osowa oti athandizidwe, onseŵa agwira cholembera chofanana ndi cha eni masitolo aja, ndipo sangadzudzule a kutali pa chinthu chimene iwo achita pakhomo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: wolemba lero ndiye wodikira pa mzere chaka chamawa.

Mkhristu aliyense wopatsidwa ntchito yosanja maina, kaya ndi ya m'kampani yaikulu kaya ndi ya pansi pa mtengo wa m'mudzi, adzifunse mafunso atatu asanalembe. Kodi muyeso umene watenga angaunene mokweza pamaso pa onse amene uwakhudza? Kodi angautsate ngakhale utatsitsa mwana wake? Ndipo kodi wayang'ana amene muyesowo umlemera koposa, kuti ampepuzire poyera? Ambuye Yezu adachenjeza kuti muyeso umene munthu ayesera anzake ndi womwewo adzayesedwa nawo. Amene asunga mau ameneŵa mumtima angagwire cholembera mopanda mantha, ndipo anthu a pa mzere, ngakhale otsalira kumbuyo, adzapita kwao odziwa kuti sadaberedwe.